Zolemba za Ntchito: Kaundula wa Mapatenti a Mapurosesa ndi Zipangizo Zojambulira M'thupi

Zolemba izi ndi za kagulu kathu ka anthu olankhula Chichewa okhala mu Harare, ena ochokera ku Malawi, ena ku chigawo cha kummawa kwa Zambia, ndipo ena anabadwira konkuno ku Mbare ndi ku Highfield, kwa makolo amene anabwera kudzagwira ntchito kalekale. Pakati pathu pali abambo amene akhala akukonza makina a m'zipatala kwa zaka zambiri, achemwali awiri ophunzira za magetsi ndi makompyuta, amayi amene amajambula odwala pa X-ray, ndi ine amene anandipatsa udindo wolemba. Funso limene linatisonkhanitsa ndi limodzi: kodi lamulo la mapatenti, zikalata zopatsa woyambitsa luso umwini wake kwa zaka zowerengeka, likutiletsa kupanga kapena kukonza tokha chipangizo chimene chingasandutse chithunzi cha X-ray kukhala cha pakompyuta, m'malo mwa filimu imene ikusowa komanso kukwera mtengo? Kuti tiyankhe, tinagwirizana zopanga kaundula wa mapatenti a mbali ziwiri, ya zinthu zimene zimalandira cheza cha X-ray ndi ya mapurosesa, amene ali ngati ubongo wa kompyuta ndipo amakonza chithunzicho.

Febuluwale

Mwezi uno tinauthera pa kumvetsa lamulo tisanakhudze chitsulo chilichonse. Mwayi wathu ndi woti likulu la ARIPO, bungwe loona za umwini wa luso m'maiko ambiri a mu Africa, lili mu mzinda womwe uno, ku Belgravia. Bungweli linakhazikitsidwa ndi pangano la ku Lusaka la mu 1976, ndipo njira yake yoperekera mapatenti imatsata pangano lotchedwa Harare Protocol la mu 1982. Malawi, Zambia ndi Zimbabwe onse ali m'panganoli, koma South Africa mulibe. Munthu akapereka pempho limodzi ku ARIPO amatchula maiko amene akufuna kuti patenti yake igwire ntchito, ndipo dziko lililonse lotchulidwa limakhala ndi nthawi yoikika yoti likane ngati malamulo ake salola.

Mfundo ziwiri zimene tinagwirizana kuti zikhale maziko a kaundula wathu ndi izi. Patenti imagwira ntchito m'dziko lokhalo limene inaperekedwa, kotero kuti patenti ya ku United States kapena ku Japan ilibe mphamvu mu Zimbabwe kapena ku Malawi ngati mwini wake sanaitetezenso kuno. Komanso patenti ili ndi malire a nthawi, amene kawirikawiri ndi zaka 20 kuchokera tsiku loperekera pempho, malinga ndi pangano la TRIPS la WTO, bungwe loona za malonda a padziko lonse, ndipo imatha msanga ngati mwini wake wasiya kulipira ndalama zoisungira. Woyambitsa luso ali ndi miyezi 12 yokha, pansi pa pangano la ku Paris la mu 1883, yoti apereke pempho lomwelo m'maiko ena, kapena pafupifupi miyezi 30 ngati wadzera njira ya PCT, ya pempho limodzi lofikira maiko ambiri, imene imayendetsedwa ndi WIPO, bungwe loona za umwini wa luso padziko lonse, ku Geneva. Nthawi imeneyi ikadutsa, khomo limatsekeka. Izi zikutanthauza kuti luso limene linasindikizidwa zaka zisanu zapitazo popanda pempho lotchula maiko athu silingathenso kutetezedwa kuno.

Achemwali aja anapanga tsamba la kaundula lokhala ndi malo olembapo nambala ya patenti, tsiku la pempho loyamba, maiko amene inaperekedwa, ngati idakali ndi mphamvu, ndi chidule cha zimene ikuteteza. Tikufufuza pa masamba a pa intaneti osungira mapatenti a Espacenet, Patentscope ndi Google Patents, amene onse ndi aulere kupatula mtengo wa bandulo.

Marichi

Uwu ndiwo mwezi umene ntchito inayenda kwambiri, ndipo ndilembapo zambiri chifukwa ndi pano pamene pali mtima wa nkhani yonse. Tinayamba ndi magulu a IPC, ndondomeko ya padziko lonse yosanjira mapatenti, amene amakhudza ntchito yathu: A61B 6 wa makina ounikira ndi cheza, G01T wa zoyezera cheza, C09K 11 wa zinthu zowala, ndi A61K 49 wa mankhwala othandiza kuti ziwalo zioneke bwino pachithunzi.

Chinthu choyamba kulowa m'kaundula sichinali patenti ayi, koma kusowa kwake. Wilhelm Röntgen atatulukira cheza cha X-ray ku Würzburg mu Novembala 1895 anakana kutenga patenti, ndipo n'chifukwa chake luso limeneli linafalikira m'maiko ambiri m'miyezi yochepa chabe. Amene anabwera pambuyo pake sanachite chimodzimodzi. Chubu cha William Coolidge cha mu 1913, chokhala ndi kawaya kotentha ka tungsten, chinatetezedwa ndi kampani ya General Electric, ndipo machubu a masiku ano amatsatabe mfundo yomweyo. Patenti imeneyo inatha kalekale.

Cheza cha X-ray sichioneka ndi maso ndipo filimu payokha imachigwira pang'ono, choncho pamafunika chinthu chochisandutsa kuwala. Thomas Edison anapeza mu 1896 kuti calcium tungstate imawala bwino ikagundidwa ndi chezachi, ndipo chinthu chimenechi chinagwiritsidwa ntchito m'makaseti a filimu kwa zaka zoposa 70. M'zaka za m'ma 1970 m'malo mwake munalowa gadolinium oxysulfide yosakanizidwa ndi terbium pang'ono, imene imawala mobiriwira ndipo imafuna cheza chochepa kuti itulutse chithunzi chofanana. Amayi ojambula aja anatsimikiza kuti makaseti ambiri akale amene adakalipo m'zipatala zazing'ono ali ndi timapepala tolimba ta mtundu umenewu. Mapatenti ake oyambirira onse anatha.

Kenako tinawerenga za mbale zosunga chithunzi, zimene kampani ya Fuji inayamba kugulitsa mu 1983 ndipo anthu a m'zipatala amangoziti CR. Mbale imeneyi imapakidwa barium fluorobromide yokhala ndi europium, imene imatulutsa mbali chabe ya kuwala nthawi yomweyo ndipo imasunga mbali ya mphamvu ya cheza mkati mwake. Ikalowa m'makina owerengera, kuwala kofiira kwa laser kumaiyenda mzere ndi mzere, mbaleyo n'kutulutsa kuwala kwa buluu kumene kumayezedwa ndi kusandutsidwa manambala, ndipo pomaliza imafufutidwa ndi kuwala kwamphamvu kuti igwirenso ntchito. Mapatenti ofotokoza njira imeneyi ali ndi zojambula zomveka bwino kuposa mabuku a makinawo amene abambo okonza makina aja ali nawo. Iwo anakhala nthawi yaitali akuyang'ana tsamba limodzi loonetsa kagalasi kozungulira ka mbali zambiri kamene kamayendetsa kuwala kwa laser, chala chawo chikutsata mzere wa kuwalako kuchokera pa gwero mpaka pa mbale, kenako anati tsopano amvetsa chifukwa chimene mizere yopingasa imabwerera pachithunzi kagalasiko kakachita fumbi. Ine ndikuona kuti phindu lalikulu la ntchito yathu mpaka pano lili pamenepa: patenti ndi pangano lakuti woyambitsa luso afotokoze poyera mmene chinthu chimagwirira ntchito posinthana ndi chitetezo cha zaka zowerengeka, ndipo zakazo zikatha, kufotokozako kumatsala kwa aliyense.

Mbale za makono zimene zimatumiza chithunzi ku kompyuta nthawi yomweyo zili m'mitundu iwiri. Ina imagwiritsa ntchito cesium iodide yokhala ndi thallium, imene imameretsedwa ngati timasingano ting'onoting'ono toimirira kuti kuwala kutsike molunjika osamwazikira m'mbali, ndipo pansi pake pamakhala tizigawo ta silikoni tolandira kuwalako. Ina imagwiritsa ntchito selenium, imene imasandutsa cheza kukhala magetsi popanda kudzera pa kuwala, ndipo imapezeka kwambiri m'makina ounikira mabere. Mfundo zoyambirira za mitundu yonse iwiri zinatetezedwa m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, ndipo zinamasuka. Zimene zidakali zotetezedwa m'maiko olemera ndi njira zatsopano zomatira, zotchingira chinyezi ndi zopepukitsira mbalezo.

Pano ndiyenera kupatuka pang'ono, chifukwa nkhaniyi inatikhudza tonse. Mwala wotchedwa pollucite, umene cesium imachokera, umapezeka m'malo ochepa kwambiri padziko lapansi, ndipo amodzi mwa malo odziwikawo ndi mgodi wa Bikita ku Masvingo, m'dziko lomwe lino. Gadolinium ndi terbium ndi za m'gulu la miyala yosowa yotchedwa rare earths, ndipo Malawi ili ndi miyala ya gulu limeneli ku Songwe Hill m'boma la Phalombe ndi ku Kangankunde m'boma la Balaka. Koma kuyenga miyalayi kufika pa ukhondo umene mbale ya X-ray imafuna kumachitika kwina, makamaka ku China. Choncho mwala ukhoza kutuluka m'nthaka yathu, n'kubwereranso patapita zaka uli m'bokosi la makina amene chipatala cha kumudzi sichingakwanitse kugula, ndipo palibe patenti imene inalamula kuti zikhale choncho.

Za CT ndi MRI, makina ena ojambulira mkati mwa thupi, ndi mankhwala ake tinangodutsapo mwachidule chifukwa sizili m'cholinga chathu. Tinalemba za Godfrey Hounsfield wa kampani ya EMI, amene makina ake a CT anajambula wodwala woyamba ku Atkinson Morley Hospital ku London mu 1971, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1979 pamodzi ndi Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg. Tinalembanso za patenti ya Raymond Damadian ya mu 1974 yokhudza MRI, ndi za mankhwala a gadolinium otchedwa Magnevist amene kampani ya Schering inatulutsa mu 1988. Makina a CT owerenga cheza kamodzikamodzi pogwiritsa ntchito cadmium telluride, amene anavomerezedwa ku United States mu 2021, tawaika m'gulu la zimene zidakali zotetezedwa kwambiri.

Epulo

Tinasamukira ku mapurosesa, m'magulu a G06F wa makompyuta ndi H01L wa machipu, tizidutswa ta silikoni tonyamula tizigawo ta magetsi. Mbali imeneyi ndi yovuta kuposa yoyamba chifukwa mapatenti ake ndi ochuluka kwambiri ndipo chipu chimodzi chimakhudzidwa ndi mazanamazana a iwo. Tinagwirizana kuti sitingathe kuwerenga onse, ndipo sitikufunikira kutero.

Tinayamba ndi maziko. Jack Kilby wa ku Texas Instruments ndi Robert Noyce wa ku Fairchild onse anapereka mapempho mu 1959 a njira yoika tizigawo tambiri ta magetsi pa kachidutswa kamodzi, ndipo makampani awiriwa analimbana kwa zaka zingapo asanagwirizane zobwerekana luso. Frank Wanlass anapereka pempho la CMOS mu 1963, njira imene pafupifupi purosesa iliyonse ya lero imatsata chifukwa imadya magetsi ochepa. Robert Dennard wa ku IBM analandira patenti ya DRAM, mosungira zinthu zimene kompyuta ikugwiritsa ntchito, mu 1968. Purosesa ya Intel 4004 inatuluka mu 1971 ili ndi ma transistor, timaswitchi ting'onoting'ono ta magetsi, pafupifupi 2,300, chaka chomwecho chimene makina a Hounsfield anajambula wodwala woyamba. Chithunzi cha makina oyambirirawo chinali cha timadontho 80 m'litali ndi 80 m'lifupi, pomwe mbale ya X-ray ya masiku ano imatulutsa timadontho mamiliyoni angapo, ndipo kusiyana kumeneku kukuonetsa kuti kupita patsogolo kwa zojambulira m'thupi kwadalira purosesa mofanana ndi mmene kwadalira zinthu zolandira cheza.

Funso lenileni linali loti tigwiritse ntchito purosesa ya mtundu wanji. Kampani ya Arm ya ku Cambridge imadziwika ndi kugulitsa chilolezo cha mapulani ake a mapurosesa kwa opanga machipu. RISC-V, imene inayambira ku University of California, Berkeley mu 2010, ndi mndandanda wa malamulo a purosesa umene aliyense angagwiritse ntchito osalipira. Mmodzi wa achemwali aja ankafunitsitsa RISC-V pa chifukwa chimenechi, ndipo ndikumvetsa chikhumbo chawo. Koma titawerenga bwino tinapeza kuti kumasuka kwa mndandanda wa malamulowo sikutanthauza kuti mkati mwa chipu chilichonse cha RISC-V mulibe zotetezedwa, pakuti njira zofulumizitsira purosesa ndi zochepetsera kutentha zikhoza kukhala ndi mapatenti awo. Tinapezanso kuti kwa ife ogula chipu chopangidwa kale kuchokera kwa wogulitsa wovomerezeka, nkhawa imeneyi ndi ya wopanga chipuyo, osati yathu. Sitikupanga purosesa, ndipo sitingathe: mafakitale a machipu apamwamba ali m'maiko ochepa monga Taiwan ndi South Korea, ndipo makina ojambulira tizigawo tating'ono kwambiri amapangidwa ndi kampani imodzi ya ASML ku Netherlands.

Talembanso m'kaundula kuti kayalidwe ka tizigawo pa chipu kamatetezedwa ndi lamulo lina losiyana ndi patenti, limene TRIPS imati likhale la zaka zosachepera 10, ndipo Zimbabwe ili ndi lamulo lake pa nkhaniyi. Chigamulo cha mwezi uno n'chakuti tisankhe kabolodi ka kompyuta potengera mtengo, kupezeka kwake m'masitolo a zamagetsi a mu Harare, ndi kupirira kwake magetsi akamazimazima, osati potengera mapatenti.

Meyi

Ntchito inabwerera m'mbuyo mwezi uno, ndipo ndi bwino kuti zilembedwe momveka. Ganizo lathu loyamba linali loika kapepala kowala kochokera m'kaseti yakale m'bokosi lamdima, kamera n'kukajambula kudzera pa galasi loonera, kenako kabolodi ka kompyuta n'kukonza chithunzicho. Abambo okonza makina anabweretsa kaseti yotha ntchito n'kuitsegula patebulo. Mkati munali timapepala tiwiri toyera ngati choko, tosalala, kamodzi kali ndi zikande m'kona mmene filimu inkakhulira polowa ndi potuluka. Sitinagwiritse ntchito cheza cha X-ray, chifukwa zimenezo zimafuna chilolezo cha Radiation Protection Authority of Zimbabwe ndi chipinda chotchingidwa ndi mtovu. Tinaunikira kapepalako ndi nyale ya UV-C, yotulutsa cheza chosaoneka ndi maso, titavala zoteteza maso, ndipo kanawala mobiriwira, mofooka, zikande zija zikuoneka ngati timizere takuda.

Pa nkhani ya lamulo, njira imeneyi tinaipeza yomasuka, pakuti mapatenti ofotokoza kapepala kowala, galasi ndi kamera ndi akale ndipo anatha. Vuto linapezeka m'mapatenti omwewo. Angapo mwa iwo amafotokoza poyera kuti kamera yoikidwa patali imagwira gawo lochepa kwambiri la kuwala kumene kapepalako kamatulutsa, chifukwa kuwalako kumamwazikira mbali zonse, ndipo kuti chithunzi chioneke bwino pamafunika kuwonjezera cheza chimene wodwala amalandira. N'chifukwa chake opanga mbale za makono anaika zolandira kuwala pansi penipeni pa chinthu chowalacho. Amayi ojambula anakana kotheratu kuti chipangizo chotere chiyandikire wodwala, makamaka ana ndi odwala chifuwa chachikulu amene amajambulidwa kangapo, ndipo anatikumbutsa kuti lamulo la ntchito yawo ndi kupereka cheza chochepa kwambiri chimene chingatulutse chithunzi chothandiza dokotala. Panali kukambirana kwanthawi yaitali, chifukwa achemwali aja anali atalemba kale mbali ya pulogalamu yowongolera kamera, koma pomaliza tonse tinagwirizana ndi amayiwo. Ndikuona kuti chigamulo chimenechi chinali choyenera, ndipo ndikuyamikira kuti chinachokera kwa munthu amene amaima pafupi ndi odwala tsiku ndi tsiku.

Pulogalamu ija sinatayike. Mbali yake yowongola kuwala ndi mdima wa chithunzi ndi yosunga mafayilo mu DICOM, muyezo wa zithunzi za chipatala umene unakhazikika mu 1993 ndipo umawerengedwa mwaulere, idzagwira ntchito pa njira ina iliyonse imene tingasankhe.

Juni

Tabwereranso ku funso lathu loyamba tili ndi yankho limene tingaimepo. Pa mapatenti onse a zinthu zolandira cheza amene talowetsa m'kaundula, oyambirira anatha nthawi yawo, ndipo pa atsopano amene tawaunika mpaka pano sitinapeze otchula Malawi, Zambia kapena Zimbabwe. Kufufuza kumeneku sikunathe, ndipo tisanagulitse kapena kupereka chinthu chilichonse ku chipatala tidzafunika loya wodziwa za mapatenti kuti aone kaundula wa ARIPO ndi wa ofesi ya dziko lililonse, pakuti mapempho amasindikizidwa patapita miyezi 18 ndipo atsopano sangaoneke msanga. Taphunziranso kuwerenga ndime za kumapeto kwa patenti zotchedwa claims tisanawerenge china chilichonse, chifukwa ndizo zokha zimene zimaika malire a chitetezo, ndipo kawirikawiri zimakhala zopapatiza kuposa mmene mutu wa patentiyo umamvekera. Pali kusiyana kwinanso koyenera kukumbukira: Malawi ndi Zambia ali m'gulu la maiko osauka kwambiri amene WTO inawapatsa nthawi mpaka 1 Julaye 2034 asanakakamizidwe kutsata mbali zambiri za TRIPS, pomwe Zimbabwe sili m'gulu limenelo, ngakhale kuti malamulo a dziko lililonse amagwirabe ntchito mkati mwake.

Chimene chikutitchinga, malinga ndi zimene taona, si lamulo. Ndi zinthu zoyengedwa bwino zimene sitingazipange, ndi luso la m'fakitale limene makampani salemba m'mapatenti koma amasunga ngati chinsinsi, ndi zida zoyezera zimene tilibe, ndi njira yaitali yovomerezera chipangizo cha chipatala. Patenti imakuuza kuti cesium iodide imeretsedwe ngati timasingano, koma simakupatsa zaka zimene amisiri anathera poyesa kutentha koyenera mpaka timasinganoto titaima mofanana pa mbale yonse.

Pa chifukwa chimenechi tasintha cholinga cha gawo lachiwiri la ntchito. Tisiya zopanga mbale yathuyathu ndipo tilunjika pa kukonza ndi kusamalira makina owerengera mbale za CR amene ali kale m'zipatala zambiri za m'chigawo chino, ena ataima chifukwa cha zovuta zazing'ono. Abambo okonza makina ayamba kulemba, mothandizidwa ndi zojambula za m'mapatenti otha nthawi, kabuku ka Chichewa kofotokoza njira ya kuwala kwa laser, kuyeretsa kagalasi kozungulira, kuyeza nyale yofufutira ndi kuzindikira mbale yotha. Achemwali aja akumaliza pulogalamu yoonetsera ndi kusunga zithunzi pa kabolodi kotchipa koyendera batire ndi sola, ndipo ayiyesa ndi zithunzi zophunzirira zopanda mayina a odwala. Amayi ojambula adzaunika kabukuko ndime iliyonse kasanapite kwa wina aliyense. Ine ndimaliza kuunika mapatenti otsala a gulu la G01T, ndipo ndifufuza ngati kabokosi koteteza makina ku fumbi ndi kudumpha kwa magetsi kamene abambowa anakonza kangayenere kulembetsedwa ku ARIPO ngati utility model, chitetezo cha nthawi yochepa chimene Harare Protocol imaperekanso pa luso laling'ono. Mpaka funso limeneli litayankhidwa, tagwirizana kuti zojambula za kabokosiko zisaikidwe pa WhatsApp kapena pa Facebook, chifukwa luso likaululidwa poyera pempho lisanaperekedwe limataya kutsopano kwake pamaso pa lamulo. Tidzakumananso kumapeto kwa Julaye kuti tione mutu woyamba wa kabukuko ndi zotsatira za kuyesa pulogalamu.